Kathanki Kamene Sanandilole Kutsuka

Zimene ndinataya ndi izi: mkazi wanga, mwana amene anali m'mimba mwake, nyumba imene tinkachita lendi, ndi zonse zinali m'menemo, kamera ya malume anga, mafilimu onse amene ndinatsuka kuyambira ndili ku koleji, kumva kwa khutu lakumanzere, ndi ntchito ya uphunzitsi, imene palibe anandichotsa koma sindinathe kubwererako. Sinditchula dzina la munthu aliyense. Ena mwa iwo ndimakumana nawobe pamsika, ndipo timapatsana moni.

Anabwera Lachisanu masana, mwezi wa Okutobala, nthawi imene kuchigwa kuno ngakhale mbuzi sizichoka pamthunzi. Ndinali kuseri kwa nyumba, nditangotulutsa filimu m'kathanki ndi kuiyanika m'chipinda. Kathankiko kanali pansi pafupi ndi beseni, kasanatsukidwe. Apolisi anali awiri, wina wachikulire wa imvi, wina wamng'ono kwa ine. Kumbuyo kwawo, kutsidya kwa mpanda wa bango, ndinamva anthu ambiri akulankhula motsitsa mawu.

"Aphunzitsi, valani nsapato," anatero wachikulireyo. "Tikukutengani kuti tikutetezeni."

Ndiyenera kufotokoza zimene anapeza, chifukwa mlandu wanga wonse unali m'zinthu zimenezo. Malume anga anali ndi situdiyo ku Ngabu mafoni asanabwere. Atamwalira anandisiyira kamera, kathanki kakuda kaching'ono ngati ketulo, ndi mawilo awiri oyera apulasitiki amene filimu imakulungidwapo isanalowe m'kathankimo. Ndinkaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera, ndipo kutsuka zithunzi chinali chinthu changa cha Loweruka ndi masiku opuma. Mankhwala ake ankanditumizira mnzanga wa ku koleji pa minibasi yochokera ku Blantyre, m'mabotolo akuda. Mankhwala amodzi mwa iwo ndi ofiira moderapo. Ndinkawayeza ndi jakisoni wopanda singano. Filimu imakulungidwa mumdima, choncho ndinkatchinga zenera la kuchipinda ndi bulangete masanasana. Munthu wofuna kuchita mantha sakanasowa poyambira.

Lamulo loyamba limene malume anandiphunzitsa linali lakuti zida zitsukidwe nthawi yomweyo. Mankhwala akaumira m'timizere ta wilo, filimu yotsatira imakakamira ndi kupindika, ndipo zithunzi za munthu zimafera m'manja mwako mumdima. Koma mjigo wa pafupi ndi kwathu unali wa madzi amchere, monga mijigo yambiri kuno. Ukatsukira amenewo, mawilo amauma ndi zoyera ngati phulusa. Madzi abwino anali pamjigo wa kuseri kwa tchalitchi, kumene mkazi wanga ankatunga akumwa. Iye ndi amene anayamba kutenga zidazo popita kumeneko, m'beseni, pamodzi ndi mswachi wakale. Ankatsuka bwino kuposa ine.

"Aphunzitsi," ankatero pondilanda wilo, "mswachi si khasu. Mukulima kapena mukutsuka?"

Ankanditchula choncho pofuna kundiseka. Pamjigopo azimayi ankamuona akutsanula madzi ofiira m'kanthu kakuda kamene sakanatha kukatchula dzina. Chaka chonse palibe anafunsa. Kenaka mphekesera za anamapopa zinatsika kuchokera kumapiri. Anthu anayamba kugona panja m'magulu, achinyamata anaika mitengo m'misewu, ndipo galimoto zachilendo zinkagendedwa. Pamenepo azimayi aja anakumbukira zimene ankaona.

Lachisanu lija mkazi wanga anali kusikelo. Mimba inali ya miyezi isanu ndi itatu. Wapolisi wamng'ono anasonkhanitsa mabotolo, jakisoni, filimu ina yosatsuka imene inali pa tebulo, ndi kathanki, n'kuziika m'jumbo. Ndinapempha kuti ndingotsukuluza kathankiko ndi mawilo ake, sizitenga nthawi.

"Usakhudze," anatero. "Ndi umboni umenewu."

Kuchoka pakhomo kufika pagalimoto sipanali patali. Anthu ambiri ndinkawadziwa. Ena ndinajambulapo maukwati awo. Mwala umodzi unandipeza pakhutu. Sindinaone amene anauponya, ndipo sindinafunsepo. Nyumba inayaka dzuwa lisanalowe. Mkazi wanga anakumana panjira ndi mayi wina wa kwaya yathu, amene anamufunditsa chitenje kumutu ndi kupita naye kwawo kudzera m'munda wa thonje. Zimenezi ndinazimva pambuyo pake.

Anandifunsa mafunso Lolemba m'mawa. Wofunsayo sanavale yunifomu. Anayala zinthu zanga pa tebulo molongosoka, ngati wogulitsa pamsika, ndipo anandipatsa mpando.

"Anthu onse akujambula ndi foni," anatero. "Iwe wekha dziko lonse lino ukujambula ndi jakisoni?"

Ndinafotokoza za filimu, za mdima, za mankhwala atatu ndi ntchito ya alionse. Ndinalankhula ngati ndili m'kalasi, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo sizinandithandize. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anatsegula kathanki, n'kununkhiza, n'kundilozetsa m'kati.

"Ichi chofiirachi?"

"Ndi mankhwala achiwiri aja, bwana."

"Akutumiza ndani?"

"Mnzanga wa ku Blantyre."

"Ndiye alipo okutuma ku Blantyre." Analemba. "Nanga mkazi wako? Azimayi akuti ndi iye amatsuka zimenezi kumjigo."

Ndinati amatsuka monga amatsukira mbale, sadziwa kanthu za mankhwalawo.

"Ndiye chilipo chimene ukumubisira." Analembanso. "Kapena akudziwa. Timuitana atiuze yekha. Chipinda cha azimayi chilipo, pansi pake ndi simenti yomweyi."

Kuyambira pamenepo m'mutu mwanga munatsala chinthu chimodzi: asamugwire, kaya apolisi kaya anthu aja. Ndinasintha mawu. Ndinati zonse ndimachita ndekha, azimayi aja anaona beseni la mbale. Iye anaona kuti ndasintha, ndipo anandiuza kuti ndivule nsapato. Zimene zinatsatira sizinatenge nthawi yaitali. Masiku otsatirawo ndinkayenda moponda m'mbali mwa mapazi. Sabata yomweyo mkazi wanga anachoka, chifukwa ndinamuumiriza, n'kupita kwa amayi ake kumudzi wina m'mphepete mwa dambo, mbali ya ku Nsanje, kumene anthu sankadziwa za kathanki. Nditamva kuti wafika ndinagona tulo kwa nthawi yoyamba.

M'chitokosi tinali ochuluka moti anthu ankagona chammbali, wina akafuna kutembenuka onse atembenuke. Ine ndekha ndinali ndi malo okwanira, chifukwa palibe ankafuna kundikhudza. Anamva kwa apolisi chimene ndinagwidwira. Amene anathetsa zimenezi anali msodzi wina wa ku dambo, bambo wowonda amene anamangidwa chifukwa cha ndewu ya ukonde. Tsiku lina anadzakhala pafupi nane, n'kutambasula miyendo pamalo anga aja.

"Ine nkhabe kugopa," anatero m'Chisena, kuti iye sachita mantha. "Baba, mukafuna kupopa yambani ndi uyo wonenepayo, anaba mbuzi, magazi ake ndi amafuta. Ine udzudzu wa ku dambo unamaliza kale. Mungopezamo madzi a Shire."

Chitokosi chonse chinaseka, ngakhale wonenepayo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkagona mopanikizika ngati wina aliyense, ndipo ndinathokoza.

Msodzi yemweyo ndi amene anandipatsa nzeru. Ndinamufotokozera ntchito ya kathanki, ndipo anati, "Ndiye mukulimbana nawo ndi pakamwa bwanji? Munthu akakana kuti muli ndi nsomba mumatsegula dengu." Ndinapempha wapolisi wachikulire uja kuti andilole nditsuke filimu imodzi pamaso pawo. Zonse zinalipo m'jumbo muja. Madzi ofunika ndi ofunda pang'ono kuposa thupi la munthu, ndipo mu Okutobala kuno ndowa ikangokhala padzuwa madzi amafika pamenepo okha. Wachikulireyo anaikonda nkhaniyo. Ndikuganiza kuti iye sanakhulupirirepo za anamapopa, koma sanali iye wolamula.

Anandiitana Lachinayi la sabata yachiwiri. Mu ofesi munadzaza apolisi, ena ataima pazenera. Nditatsegula kathanki ndinaona zimene ndinkaopa. Madontho aja anali ataumira m'kati ngati utomoni. Mawilo anali omata, ndipo timipira tachitsulo timene timakoka filimu pakhomo pa wilo sitinkasuntha. Ndinapempha madzi ofunda, mswachi, ndi nthawi yoti ziume.

Wosavala yunifomu uja anaseka. "Utsuke umboni pamaso pathu, ife tikukuthirira madzi? Watiyesa ana a Fomu Wanu?"

Ndinati popanda kutsuka filimu silowa. Iye anati ngati zimene ndimanena ndi zoona ilowa. Onse awiri tinali ndi mfundo. Chimene chikanandimasula chinali kutsuka, ndipo kutsukako kukanachotsa chinthu chokhacho chimene anandigwirira.

Ndinayesa choncho. Anandifunditsa mabulangete awiri, ndinagwada pansi pa tebulo, ndinatsegula filimu mumdimamo. Thukuta linkatsika m'manja, ndipo wilo silifuna ngakhale dontho. Filimu inalowa pang'ono n'kuima. Ndinaibweza, ndinayesanso, ndinamva ikupindika pansi pa zala zanga. Ndinkamva nsapato zawo pafupi ndi mutu wanga. Wina anati, "Akupemphera kwa azibwana ake." Patapita nthawi wina anatopa n'kukoka bulangete, ndipo kuwala kunagwera pa filimu yonse. Munali zithunzi za ubatizo wa kutchalitchi kwathu, ndi zingapo za mkazi wanga atakhala pakhonde akusenda nandolo.

"Zakana," anatero wofunsa uja. "Zikayezedwa ku Blantyre."

Kathanki anakabwezera m'jumbo n'kukaika pamwamba pa kabati. Nthawi zonse akanditulutsa kukataya ndowa ndinkakaona pomwepo. Ankati akudikira galimoto.

Kumayambiriro kwa Novembala ananditumiza kundende kukadikira mlandu. Za kumeneko sindilemba zambiri. Kunali nsabwe, kunali ludzu, kunali anthu amene anadikira nthawi yaitali kuposa ine pa nkhani zazing'ono kuposa yanga. Ndinkawerengera anzanga mapepala awo a kukhoti. Ndinkaganiza kuti mkazi wanga ali pabwino, ndipo pa ganizo limenelo ndinkadya, ndinkagona.

Mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa mkazi wanga, anabwera Lamlungu. Anaima kuseri kwa waya ndipo anavula chipewa asanandipatse moni.

"Alamu," anatero, "zinthu sizinayende bwino."

Anandiuza mwadongosolo, maso ali pansi. Matenda anayamba Lachisanu. Ambulansi inali itasiya kulowa m'midzi ya kumeneko chifukwa cha kugendedwa. Anamunyamula pa ngolo. Mwana anabadwira panjira, wamwamuna, ndipo sanalire. Pofika kuchipatala mkazi wanga anali atataya magazi ambiri, ndipo osungidwa kunalibe, popeza miyezi imeneyo palibe ankapereka. Anamwino anapempha abale amene analipo. Mlamu wangayo ndi amayi ake anavomera, koma magazi awo sanagwirizane ndi ake. Ena ataona timapaipi ndi matumba aja anatuluka mmodzimmodzi, akuti akukafuna madzi akumwa. Anamwalira Loweruka m'mawa.

Magazi anga ndi ake anali a gulu limodzi. Tinayezetsa limodzi kusikelo, ndipo namwino anatiseka kuti tinasankhana bwino. Kuchoka pamene ndinali kufika pachipatalacho, wa kabaza akanyamuka m'mawa amafika dzuwa lisanafike pamutu.

Ndinapempha woyang'anira kuti andiperekeze kumaliro, ngakhale ndi unyolo. Sanandiyankhe mwachipongwe. Anati, "Chilolezo chimachokera kukhoti, achimwene, ndipo khoti Lamlungu silikhala." Mlamu wanga anati ndi kutentha kuja sakanatha kudikira, anali ataika kale dzulo lake madzulo, onse awiri m'manda amodzi. Anandisiyira mlamba wowamba ndi mabanzi. Ndinazipereka kwa anzanga. Madzulo ake munthu wina anabweretsa pepala lake kuti ndimuwerengere, ndipo ndinamuwerengera.

Mvula inagwa kumapeto kwa mwezi umenewo. Anthu anachotsa mitengo m'misewu n'kupita kukadzala, ndipo za anamapopa sizinamvekenso. Palibe amene anaimirira kunena kuti zinali zabodza. Zinangotha, monga chimfine chimathera m'mudzi. Mu Disembala ananditengera kukhoti. Woimira boma anawerenga kapepala kochokera kumene anayeza: m'kathanki munalibe magazi a munthu kapena a nyama. Anati boma lilibe mlandu ndi ine. Woweruza anandiyang'ana n'kunena kuti nditha kupita. Zonse zinatha mwamsanga moti ndinakhalabe chiimire mpaka wina anandikoka malaya.

Panja ndinapeza wapolisi wachikulire uja atanyamula jumbo.

"Aphunzitsi, katundu wanu," anatero. "Musatisungire kukhosi. Tikanapanda kukutengani tsiku lija, bwenzi mutafa."

Ananena zoona, ndipo ndinamuthokoza.

Ndinapita kwa apongozi anga tsiku lomwelo. Mlamu wanga anandiperekeza kumanda. Dothi linali litatsika ndi mvula ndipo udzu unali utayamba kumera. Ndinaima pamenepo nthawi imene inaoneka yoyenera, kenaka tinabwerera.

M'mawa mwake ndinapempha beseni ndi madzi a mvula amene anatchera m'mgolo. Ndinawafunditsa pang'ono, ndinamasula mawilo aja pakati, ndinaziviika zonse. Zouma zija sizinachoke msanga. Ndinasintha madzi kangapo, ndinadutsa mzere uliwonse ndi mswachi, ndinatokosa timipira tija ndi kamtengo mpaka tinayamba kugubuduka. Ndinalibe kamera, ndinalibe filimu, ndipo sindinkaganiza zojambulanso. Koma chinthucho chinakhala chosatsuka kuyambira Lachisanu lija, ndipo sindikanatha kuchita china chilichonse chisanayere.

Apongozi anga aakazi anakhala chapatali pamphasa, atatembenukira kumbali monga mwa ulemu wa kwathu. Chikwatirire sitinakhalepo pafupi. Patapita nthawi anadzuka, n'kudzakhala kutsidya kwa beseni. Anatola wilo limodzi m'madzi, n'kulitembenuza.

"Ndi timeneti?" anafunsa.

"Ndi timeneti, amayi."

Anayang'ana m'kathanki, mmene tsopano munali mopanda kanthu. "Ine ndimayesa ndi chinthu chachikulu," anatero.

Sanabwerere pamphasa paja. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta chivindikiro, ndipo tinayanika zonse pathandala, pamthunzi, pamene fumbi silifika.

Anthu amandifunsa ngati ndinasangalala potuluka. Ndimati inde, chifukwa ndi yankho limene amafuna, ndipo si bodza lenileni. Ufulu ndinaudziwa m'zinthu zazing'ono: kumwa madzi osapempha, kutembenuka ukagona, kutseka chitseko ndi dzanja lako. Koma ndili m'kati ndinkaganiza kuti ufulu ndi kubwerera kumene unachoka. Anandibwezera tsiku lonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuti ndichite nalo zimene ndifuna, ndipo munthu amene ndinkafuna kumupatsa tsikulo panalibe. Amene anaponya miyala anali ndi mantha enieni pa chinthu chimene kunalibe. Ndayesa kuwada ndipo sizikhalitsa. Mayi wina amene anali pamjigo paja amandigulitsa tomato, ndipo nthawi zonse amaonjezerapo mmodzi osandiyang'ana kumaso. Ndimalandira.

Mkazi wanga ndinamuona komaliza Lachitatu la sabata yoyamba, ndili m'chitokosi. Anabwera m'mawa ndi mayi wa kwaya uja, atafunda chitenje chobwereka, chifukwa zovala zake zinapsa. Anatilola kulankhula pakazenera ka chitseko, wapolisi ataima pambali. Mapazi ake anali otupa. Anandibweretsera mbatata yophika ndi botolo la madzi a pamjigo wa kutchalitchi. Anali atatuma munthu kukatunga. Anayang'ana khutu langa, kenaka anandipatsira botololo.

Anati akufuna kuwauza apolisi kuti ndi iye amatsuka zida zija, ndipo akudziwa fungo lake, si magazi. Ndinamuletsa. Ndinati apite kwa amayi ake tsiku lomwelo, asadikire mawa. Anakana. Anati chipatala chili pafupi kuno, ndipo ndani azindibweretsera chakudya. Ndinati akakhala, amugwira, ndipo mwana abadwira pa simenti. Ndinalankhula mwaukali, zimene sindinkachita kwa iye. Anagwira chitsulo cha pazenera.

Wapolisi anati nthawi yatha. Anakonza chitenje chake, anatola kadengu, anayenda pang'ono, kenaka anabwerera n'kuika nkhope pakazenera paja.

"Chabwino, Aphunzitsi, ndikupita," anatero. "Koma mukatuluka mudzabwere nokha kudzanditenga. Musadzatume munthu."